Kuseri kwa khungu la selo: ma lipid kinase ndi mmene akukhudzira shuga, khansa ndi malungo

Pa tsiku la kiliniki ya shuga ndi BP, kaya ndi pa chipatala chachikulu cha Dedza kaya cha Ntcheu, pali mawu amene odwala ambiri amabwerera nawo kunyumba asanawamvetse. Adokotala amati, "Mayi, insulini m'thupi mwanumu ilimo, koma thupi silikuimva." Mayi aja amavomera, n'kulandira metformin wawo, koma funso limatsala mumtima: kodi thupi limaimva bwanji insulini, nanga limasiya bwanji kuimva?

Palinso nkhani ina imene imadabwitsa amene amatsatira za khansa. Mankhwala ena atsopano a khansa ya m'mawere amakweza shuga m'magazi, ngakhale mwa anthu amene sanadwalepo shuga chibadwire. Bere ndi shuga zikukumana pati?

Zikukumana pa gulu la maenzaimu otchedwa lipid kinase. Dzinali ndi lachilendo, koma ntchito yake ikuchitika m'thupi mwanu panopa, makamaka ngati mwangodya kumene.

Mafuta amene sitiwaganizira

Tikamva za mafuta m'thupi timafulumira kuganiza za kunenepa ndi mitsempha yotsekeka. Komatu selo iliyonse, mwa maselo pafupifupi mathiriliyoni 30 amene amapanga munthu, inakutidwa ndi kakhungu ka mafuta. Kakhunguka n'kopyapyala moti pepala la m'kope limakaposa kukhuthala ka 10,000. Lipid ndi dzina la sayansi la mafuta ndi zinthu zina zonga mafuta, kuphatikizapo awa a m'khungu la selo.

Poti mafuta ndi madzi sizisakanizika, khunguli limatchinga za mkati kuti zisatayike, ndi za kunja kuti zisangolowa. Apa ndiye pali vuto. Insulini ndi puloteni imene imayenda m'magazi, ndipo singaboole khungu la mafuta. Imafika pa selo n'kuima panja. Uthenga wake uyenera kulowa, mwiniwake atatsala kunja.

Mwa mafuta a m'khunguli muli ena ochepa otchedwa phosphatidylinositol, mwachidule PI. Molekyu ya PI ili ndi michira iwiri imene inamira m'khungu, ndi mutu umene unasuzumira mkati mwa selo. Mutuwo ndi wozungulira, wa ngodya zisanu ndi imodzi, ndipo asayansi anazipatsa manambala 1 mpaka 6. Ngodya zitatu, ya 3, ya 4 ndi ya 5, ndi zimene nkhani yonseyi yagona.

Kinase imachita chiyani?

Enzaimu ndi puloteni imene imafulumizitsa ntchito inayake m'thupi. Kinase ndi enzaimu ya ntchito imodzi yokha: imatenga kachidutswa kotchedwa fosifeti n'kukamata pa chinthu china. Fosifeti ndi yochokera ku phosphorus, P yemwe uja timamuwerenga pa thumba la feteleza wa NPK. M'selo, kinase imaitenga ku ATP, molekyu imene imasunga mphamvu yochokera ku chakudya.

Munthu ali ndi ma kinase opitirira 500 amene amamata fosifeti pa mapuloteni. Amene amamata pa mafuta a PI alipo pafupifupi 20 okha. Ndi ochepa, koma ali pa malo ovuta, pamene uthenga wochokera kunja umayambira kufalikira mkati.

Amene anaimapo pa Lizulu nthawi ya kachewere amvetsa msanga. M'mbali mwa msewu wa M1 mumakhala matumba ambirimbiri, onse ofanana, osokedwa mofanana. Venda akagula amalemba chizindikiro chake pa thumba, ndipo anyamata a ganyu sachita kumasula thumba kuti adziwe kopita nalo. Amangoona cholembedwacho: ili n'la lole ya ku Blantyre, ili n'la ku Lilongwe, ili lisakhudzidwe. Kachewere wa mkati sanasinthe, chasintha ndi chizindikiro, koma chizindikirocho n'chimene chimathamangitsa anthu.

Lipid kinase ndi mlembi wotero. Ikamata fosifeti pa ngodya 4 yokha, ndi chizindikiro china. Pa 4 ndi 5, ndi china, chotchedwa PIP2. Pa 3, 4 ndi 5 ponse, ndi chinanso, chotchedwa PIP3. Kuphatikiza ngodya zitatuzi m'njira zonse kumapereka zizindikiro zisanu ndi ziwiri. M'selo muli mapuloteni amene ali ndi kachigawo kozindikira chizindikiro chimodzi kapena ziwiri, ndipo akachiona amathamangira pomwepo. Palinso maenzaimu ofufuta, otchedwa phosphatase, amene amachotsa fosifetiyo. Kulemba ndi kufufuta kumachitika usana ndi usiku.

Zizindikirozi zimagwira ntchito ziwiri. Zina zimakhala ngati keyala yokhazikika: PIP2 imapezeka makamaka pa khungu lakunja la selo, chizindikiro cha pa ngodya 4 chimachuluka pa Golgi, malo amene selo imalongedzera katundu wake, ndipo cha pa ngodya 3 chimapezeka pa timatumba timene tangomeza zinthu kuchokera kunja. Zina ndi za mwadzidzidzi. PIP3 imakhala yochepa kwambiri pa selo imene ikupuma, koma uthenga ukafika imachuluka m'masekondi ochepa, kenako n'kuzimiririka.

Mmene zinadziwikira

Mu 1953, ku McGill University mumzinda wa Montreal, Mabel Hokin ndi mwamuna wake Lowell Hokin ankayesa tizidutswa ta pancreas (kapamba) ya nkhunda. Anaona kuti maselo akalandira uthenga woti atulutse madzi ogaya chakudya, fosifeti inkalowa mofulumira m'mafuta a m'khungu. Nthawi imeneyo ambiri ankaona mafutawa ngati chotchinga chabe, ndipo panapita zaka zambiri tanthauzo la zimene awiriwa anaona lisanamveke.

Mu 1988, gulu la Lewis Cantley ku Tufts University, mumzinda wa Boston, linapeza enzaimu imene imamata fosifeti pa ngodya 3, pamene palibe amene ankayembekezera. Enzaimuyo inkapezeka itamatirira ku mapuloteni a mavairasi oyambitsa zotupa mu nyama. Imeneyo ndiyo PI3K, yotchuka kuposa ma lipid kinase onse. Choncho kuyambira tsiku loyamba, dzina lake linali pafupi ndi khansa.

Tsatirani mbamu imodzi ya nsima

Tiyeni tione PI3K ili pa ntchito. Mwadya nsima ya ndiwo za nyemba. M'matumbo nsima ija yasanduka shuga, walowa m'magazi. Pancreas, chiwalo chimene ambiri amachitcha kapamba, yazindikira kuti shuga wakwera, yatulutsa insulini.

Insulini yafika pa selo ya mnofu wa mwendo. Pa khungu la seloyo pali puloteni yolandira insulini, imene mbali yake ina ili kunja, ina mkati. Insulini ikagwira mbali yakunja, puloteniyo imasintha kaimidwe, ndipo mbali yamkati imadzuka n'kudzimata fosifeti, kenako n'kumatanso pa puloteni ina yothandizira yotchedwa IRS.

PI3K nthawi yonseyi inali mkati mwa selo, ili chete. Ili ndi zigawo ziwiri: p110, chimene chimalemba, ndi p85, chimene chimachigwira kuti chisalembe. Koma p85 ili ndi malo ozindikira fosifeti ya pa IRS. Ikagwira pamenepo, zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi. Dzanja lake pa p110 limamasuka, ndipo enzaimu yonse imakhala yakokeredwa ku khungu, pamene pali PIP2. Basi p110 imayamba kuwonjezera fosifeti pa ngodya 3, PIP2 n'kusanduka PIP3.

Mapuloteni awiri, Akt ndi PDK1, amazindikira PIP3 ndipo amathamangira ku khungu. Akakumana kumeneko PDK1 imadzutsa Akt poimata fosifeti, ndipo gulu lina la mapuloteni lotchedwa mTORC2 limamalizitsa pomata yachiwiri. Taonani kuti PIP3 payokha siinachite china chilichonse koma kukumanitsa awiri amene akanasemphana m'selo yonseyo. Kwa ine apa ndi pamene pali kukongola kwa dongosololi.

Akt ikadzuka imagawa ntchito. Mu selo ya mnofu ndi ya mafuta muli timakomo ta shuga totchedwa GLUT4, tosungidwa m'timatumba mkati. Akt imachotsa chimene chimatiletsa kusuntha, timatumbato timakwera n'kuphatikizana ndi khungu, ndipo shuga amayamba kulowa. Mbali yaikulu ya shuga wa chakudya imathera m'minofu mwa njira imeneyi. Ku chiwindi, Akt imaletsa puloteni yotchedwa FOXO1, ndipo chiwindi chimasiya kupanga shuga watsopano, ntchito imene chimagwira usiku tikagona ndi njala. Imalimbikitsanso kusunga shuga wotsala, kupanga mapuloteni atsopano kudzera mwa kinase ina yotchedwa mTOR, ndi kuletsa selo kudzipha.

Mawu omalizawo muwasunge. Uthenga umene PI3K imapereka si wa shuga wokha. Tanthauzo lake lonse ndi lakuti: chakudya chilipo, idya, kula, usafe. Mahomoni a kakulidwe, amene amauza maselo kuti agawikane pochiza bala kapena pokulitsa mwana, amadutsanso njira yomweyi.

Amene amalamulira mlembi

Uthenga wamphamvu chonchi sungasiyidwe wopanda oyang'anira. Selo ili ndi njira zingapo, ndipo sizifanana kulemera.

Yoyamba taiona kale: p85 imagwira p110 mpaka chilolezo chitabwera. Yachiwiri ndi ya malo. Enzaimu ikakhala kutali ndi khungu ilibe polemba, ngakhale itadzuka. Mapuloteni ena, monga Ras, amathandiza kuikokera ku khungu ndi kuiwonjezera mphamvu.

Yachitatu, imene ndi yofunika kuposa zonse, ndi kufufuta. Enzaimu yotchedwa PTEN imachotsa fosifeti ya pa ngodya 3, PIP3 n'kubwerera kukhala PIP2. PTEN inapezeka mu 1997 ngati puloteni imene imasowa m'zotupa zambiri, koma ntchito yake yeniyeni inadziwika mu 1998, pamene Tomohiko Maehama ndi Jack Dixon anaonetsa kuti imafufuta chimene PI3K yalemba. Palinso ina, SHIP, imene imachotsa ya pa ngodya 5. Imeneyi siifufutiratu, imasintha chizindikiro kukhala china chimene chili ndi owerenga akeake.

Yachinayi ndi yakuti uthenga umadzizimitsa wokha. Kutsogolo kwa mzere, mTOR imadzutsa puloteni yotchedwa S6K, ndipo S6K imabwerera m'mbuyo kukamata fosifeti pa IRS, pa malo amene amaifooketsa. Ndiye kuti uthenga ukakhalitsa, selo imayamba kuchepetsa chidwi chake pa insulini.

Pomaliza pali kugawana ntchito. Munthu ali ndi mitundu isanu ndi itatu ya PI3K, m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi limene limapanga PIP3, ndipo lili ndi inayi: alpha ndi beta zimapezeka pafupifupi m'maselo onse, gamma ndi delta makamaka m'maselo oyera a m'magazi. Alpha ndiyo imanyamula kwambiri uthenga wa insulini. Gulu lachiwiri lili ndi itatu, imene imathandiza pa kayendedwe ka timatumba ta m'selo. Gulu lachitatu lili ndi umodzi, Vps34, wakale kwambiri moti umapezeka ngakhale mu yisiti wofufumitsira mandasi. Vps34 imathandiza kuyambitsa ntchito yoti selo idye zigawo zake zakutha pa nthawi ya njala, ntchito imene Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2016.

Uthenga ukafooka: shuga

Tsopano mawu a adokotala aja akhoza kumveka. Mwa anthu ambiri odwala shuga wa mtundu wachiwiri, insulini imafika pa selo n'kugwira bwinobwino, koma uthenga umafooka pakati pa IRS ndi PI3K. PIP3 imalembedwa yochepa, Akt imadzuka pang'ono, timakomo ta GLUT4 tambiri timatsala mkati, ndipo chiwindi chimapitiriza kuthira shuga m'magazi amene ali kale ndi shuga. Pancreas imayesa kukonza zinthu potulutsa insulini yochuluka, mpaka patapita zaka imatopa.

Chimafooketsa uthengawu n'chiyani? Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri ambiri amazikhulupirira ndi mafuta ounjikana mkati mwa maselo a mnofu ndi chiwindi, makamaka otchedwa DAG. Mafutawa amadzutsa maenzaimu ena amene amamata fosifeti pa malo olakwika a IRS kapena a puloteni yolandira insulini. Kutupa kwa mkati kosatherapo kumachitanso chimodzimodzi. Pa kulemera kwa chifukwa chilichonse akatswiri amatsutsanabe.

Tisaiwale kuti si odwala onse ali chonchi. Kuno kwathu alipo ambiri ochepa thupi amene vuto lawo lalikulu ndi lakuti pancreas ikupanga insulini yochepa, ndipo mwa ana odwala shuga wa mtundu woyamba insulini imakhala kulibiretu. N'chifukwa chake odwala awiri a mzere umodzi amapatsidwa mankhwala osiyana, ndipo kubwerekana mankhwala n'koopsa.

Pali mfundo ina yolimbikitsa imene ndimafuna aliyense wa pa kiliniki ija ataidziwa. Mnofu ukamagwira ntchito umakweza timakomo ta GLUT4 kudzera m'njira ina, yosadalira PI3K. Munthu amene thupi lake silikumva insulini, akagwira khasu m'dimba kapena akayenda chitunda cha ku Bembeke, shuga amalowabe m'minofu, ndipo kwa maola angapo pambuyo pake minofuyo imamva insulini bwinoko. Malangizo oti muziyenda si mawu ongotsanzikira, ali ndi maziko ake mkati mwa selo.

Uthenga ukakana kuzima: khansa

Tembenuzani nkhaniyi. Bwanji ngati mlembi akulemba osalekeza, kapena wofufuta wachoka? Selo imamva "idya, kula, usafe" usana ndi usiku, ngakhale palibe amene watumiza uthengawo.

Jini ndi kachigawo ka DNA kosunga malangizo opangira puloteni imodzi. Jini ya p110 alpha imatchedwa PIK3CA. Mu 2004, ofufuza a ku Johns Hopkins University anapeza kuti jiniyi imakhala itasintha m'zotupa zambiri za m'matumbo, za mu ubongo, za m'mimba ndi za m'mawere. Chodabwitsa chinali chakuti kusinthako kumabwerezabwereza pa malo ochepa omwewo. Pa malo awiri, 542 ndi 545, kusintha kumachititsa kuti p85 ilephere kugwira p110. Pa malo 1047, kumachititsa enzaimu kukakamira ku khungu. Mwa amayi amene khansa yawo ya m'mawere imakula ndi mahomoni, pafupifupi 40 mwa 100 alionse zotupa zawo zili ndi PIK3CA yosintha. Kawirikawiri kusinthaku kumachitika m'chotupa mokha, si chinthu chimene mayi amapatsira mwana wake.

Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri pa dziko lonse, imayamba ndi kachilombo ka HPV. Koma kachilomboka pakokha nthawi zambiri sikamalizitsa ntchito. Pamafunika zaka ndi zolakwika zina m'selo, ndipo PIK3CA ili m'gulu la zimene zimapezeka zitasintha kawirikawiri m'zotupazi. Zaka zimenezo ndi mpata umene kuyezetsa khomo la chiberekero kumagwiritsa ntchito, pamene katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019, amateteza munthu asanatenge kachilomboko. Khansa ya pakhungu ya Kaposi, imene mabanja ambiri anaiona m'zaka zovuta za Edzi, nayonso imadutsa pano: kachilombo koyambitsa khansayi kali ndi puloteni imene imadzutsa PI3K ndi mTOR mosalekeza.

Umboni wogwira mtima wakuti shuga ndi khansa zili pa nsonga ziwiri za chingwe chimodzi unachokera kwa anthu obadwa ndi jini imodzi mwa ziwiri za PTEN ili yowonongeka, matenda osowa otchedwa Cowden syndrome. Ofufuza a ku Oxford anaonetsa mu 2012 kuti matupi a anthuwa amamva insulini bwino kuposa a anzawo, ngakhale ambiri ndi onenepa. Koma anthu omwewa ali pa chiopsezo chachikulu cha khansa ya m'mawere, ya chithokomiro ndi ya chiberekero. PIP3 ikachuluka, shuga amalowa mosavuta, zotupa nazonso zimamera mosavuta.

Mankhwala otseka PI3K ndi mtengo wake m'thupi

Zitadziwika izi, makampani anathamangira kupanga mankhwala otseka enzaimuyi. Oyamba anali ongogwiritsa ntchito m'labotale: wortmannin, wochokera ku nkhungu, ndi LY294002, amene anapangidwa potengera quercetin, chinthu chopezeka mu anyezi ndi zomera zina. Apa mpofunika kusamala, chifukwa ogulitsa ena amatenga mfundo yoona ngati imeneyi n'kuikulitsa. Zimene zimachitika m'mbale ya m'labotale zimafuna mlingo umene chakudya sichingaufikitse m'magazi. Anyezi ndi ndiwo yabwino, koma palibe umboni wakuti amachiza khansa.

Mankhwala oyamba kuvomerezedwa ku United States anali idelalisib mu 2014, otseka mtundu wa delta, a khansa zina za m'magazi. Mu 2019 kunabwera alpelisib, otseka alpha, a khansa ya m'mawere yofalikira imene ili ndi PIK3CA yosintha. Pa kafukufuku amene anachititsa kuti avomerezedwe, odwala amene analandira alpelisib pamodzi ndi mankhwala a mahomoni anatha miyezi 11 matenda asanapitirire, poyerekeza ndi miyezi 5.7 kwa amene analandira a mahomoni okha. Ndi miyezi yamtengo wapatali kwa banja, koma si kuchira. Mu 2024 kunavomerezedwanso ena a gulu lomweli, inavolisib.

Nanga shuga uja? Alpha imene mankhwala akuitseka m'chotupa ndi yomweyo imene mnofu ndi chiwindi zimamvera insulini. Mwa odwala amene analandira alpelisib pa kafukufuku uja, oposa theka shuga wawo anakwera. Choipanso n'chakuti shuga akakwera pancreas imathira insulini yambiri, ndipo insuliniyo ikhoza kudzutsanso PI3K ya m'chotupa. Gulu la Cantley linaonetsa zimenezi pa mbewa za m'labotale mu 2018, ndipo kuyambira pamenepo kuyang'anira shuga kwa odwalawa kukuonedwa ngati mbali ya chithandizo cha khansayo. Mankhwala otseka delta nawo anabweretsa mavuto a chiwindi, kutsekula m'mimba koopsa ndi matenda olowa chifukwa cha kufooka kwa chitetezo, moti ena anachotsedwa pa msika kapena kuchepetsedwa ntchito.

Mankhwalawa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo amafuna kuti chotupa chiyezedwe DNA kaye. Kwa mayi wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amene watumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, chimene chimasiyanitsa kwambiri mathero ndi kufika msanga, chotupa chikadali chaching'ono.

Asilikali a m'thupi ndi chifuwa chachikulu

Mukadzitema ndi chikwanje, maselo oyera amafika pa balapo mofulumira. Selo yotere imanunkhiza kumene kukuchokera fungo la tizilombo, ndipo PI3K ya gamma imaunjika PIP3 kumbali imeneyo. Kumene kuli PIP3 kumasanduka kutsogolo, selo n'kumakwawira komweko. Delta imathandiza maselo opanga chitetezo cha nthawi yaitali kuti akhwime. Mu 2013 kunadziwika matenda obadwa nawo otchedwa APDS, amene delta imagwira ntchito mopyola. Munthu angaganize kuti chitetezo chikhala champhamvu, koma ana otere amadwala chifuwa ndi makutu mobwerezabwereza, chifukwa maselo awo amatopa asanakhwime bwino.

Kachilombo ka TB kanaphunzira kusokoneza zizindikirozi. Selo ya chitetezo ya m'mapapo ikameza kachilombo, imakatsekera m'kathumba. Vps34 imalemba chizindikiro cha pa ngodya 3 pa kathumbako, ndipo chizindikirocho chimachititsa kuti kakaphatikizane ndi kathumba kena kodzaza ndi asidi ndi maenzaimu ogaya. Kachilombo ka TB kali ndi mafuta pa khungu lake amene amalepheretsa Vps34 kugwira bwino ntchito, ndipo kamatulutsa enzaimu yake yofufuta yotchedwa SapM. Thumba lopanda chizindikiro palibe amalinyamula. Kachilombo kamakhala moyo mkati mwa selo yomwe inayenera kukapha.

Mabanja ena awiri

Si ma lipid kinase onse amalemba pa PI. DAG kinase, imene ili ndi mitundu 10 mwa munthu, imamata fosifeti pa DAG n'kuisandutsa mafuta ena otchedwa phosphatidic acid. Potero imazimitsa uthenga wina n'kuyatsa wina. M'maselo a chitetezo a mtundu wa T imagwira ntchito ngati buleki, ndipo ofufuza akuyesa kuimasula kuti maselowa alimbane ndi zotupa mwamphamvu.

Sphingosine kinase, ya mitundu iwiri, imapanga S1P, uthenga umene umatuluka kunja kwa selo. S1P ndi yochuluka m'magazi koma yochepa m'tizigawo timene timatupa munthu akakhala ndi mwanabere, ndipo maselo a chitetezo amatsata kusiyanako potuluka m'tizigawoti. Mankhwala otchedwa fingolimod, amene anavomerezedwa mu 2010 pa matenda a mitsempha a multiple sclerosis, sagwira ntchito mpaka sphingosine kinase ya wodwalayo itawamata fosifeti. Akatero amasokoneza kumva kwa maselowo, n'kukhala otsekeredwa.

Malungo: kutseka mlembi wa mdani

Kachilombo ka malungo nako ndi selo, ndipo kali ndi ma lipid kinase ake. Mu 2013 kunadziwika kuti PI4K yake, imene imalemba pa ngodya 4, ndi yoti sikangakhale popanda iyo. Kachilomboka kakamaswana m'selo yofiira ya magazi, kamafunika kukulunga mwana aliyense m'khungu lake, ndipo katundu womangira khungulo amayenda motsata chizindikiro cha PI4K. Ikatsekedwa, ana sapatukana. Enzaimuyi imafunikanso pamene kachilombo kali m'chiwindi, ndi pamene kakukonzekera kulowa mwa udzudzu, choncho mankhwala oitseka akhoza kuchiza, kuteteza ndi kuchepetsa kufala.

Izi n'zofunika kwa ife chifukwa LA, amene takhala tikumudalira kuyambira 2007, ali ndi artemether, ndipo tizilombo tosamva msanga mankhwala a gulu limeneli tapezeka kale ku Rwanda, Uganda, Tanzania ndi Eritrea. Mankhwala ogunda pa malo ena atsopano akufunika.

Amodzi mwa mankhwala oyamba otseka PI4K ya malungo anachokera mu Africa muno. Gulu la H3D ku University of Cape Town, lotsogoleredwa ndi Pulofesa Kelly Chibale, mbadwa ya ku Zambia, mogwirizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture, linapanga MMV390048. Anayesedwa pa anthu ku South Africa, kenako pa odwala malungo ku Ethiopia, ndipo anaonetsa mphamvu yopha tizilombo. Ntchitoyo inaima pamene kuyesa pa makoswe a bere kunaonetsa kuti mankhwalawa akhoza kuwononga mwana wosabadwa, chinthu chimene sichingaloledwe pa mankhwala a malungo, amene amayi ambiri amamwa asanadziwe kuti ndi oyembekezera. Chimodzi mwa zimene ofufuza akuganizira n'chakuti mankhwalawo ankakhudzanso ma kinase a nyamayo, popeza malo amene ATP imalowa amafanana kwambiri pakati pa enzaimu ya kachilombo ndi yathu. Ntchito imene ilipo tsopano ndi yofufuza timalo tating'ono pamene PI4K ya kachilombo imasiyana ndi ya munthu, ndi kusula mankhwala olowa pamenepo pokha.